Kandimverere adakanena za m'maluwa: adzukulu akadzionere okha malinga akale

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Tanthauzo la mwambiwu ndi lakuti nkhani yotuma wina kuti akamve imafika itasintha, kwina itachotsedwa, kwina itawonjezedwa. Ana a sukulu a ku Chilobwe, Zingwangwa ndi Chimwankhunda amatha kuloweza pamtima kuti nyumba ya Mandala idamangidwa m'chaka cha 1882, ndipo funso limeneli likabwera pa mayeso amalikhoza. Koma angati mwa iwo adapondapo phazi pamalopo? Chonsecho kuchokera ku Chilobwe ndi ulendo wa minibasi imodzi yolowera m'tauni, kenaka kuyenda pansi pang'ono. Mbiri yongomva m'kalasi ndi ya kandimverere. Malinga akale amene atsala m'dziko muno ayenera kusungidwa ndi kuyenderedwa, pakuti khoma limaulula zimene buku lidaziiwala kapena kuzibisa kumene: yemwe adali ndi mantha, yemwe adali m'kati, ndi yemwe adatsekeredwa kunja.

Mawu akuti linga ana a masiku ano amangowamva m'nyimbo za kutchalitchi, mwinanso ngati dzina la malo ku Nkhotakota. Kale linga lidali nkhani ya moyo ndi imfa. Udali mpanda wolimba wozinga mudzi wonse pa nyengo ya nkhondo. Amuna ankazika mitengo ikuluikulu mothithikana, n'kuilimbitsa ndi minga, ndipo ena ankamata ndi dothi. Kunja kwake ankakumba ngalande yakuya kuti mdani asafike pampanda ali pa liwiro. Kwina ankabzala nkhadze, mtengo umene utomoni wake umawononga maso. Chipata chinkakhala chopapatiza kuti anthu azilowa mmodzimmodzi, ndipo usiku chinkatsekedwa ndi mipiringidzo. Nkhokwe zinkakhala m'kati. Mudzi wanzeru unkamanga linga pafupi ndi kasupe, chifukwa mdani akalephera kugwetsa mpanda ankangokhala panja phee, kudikira kuti ludzu ndi njala zimumenyere nkhondo. Makolo amenewa sadapite ku sukulu ya zomangamanga, koma chilichonse pa linga lawo chidali ndi chifukwa chake. Galu wamkota sakandira pachabe.

Palinso liwu lina limene Mmalawi aliyense amalitchula tsiku ndi tsiku osadziwa kuti akutchula mpanda. Liwulo ndi boma. M'Chiswahili, boma ndi malo ozingidwa ndi mpanda, kaya khola la ng'ombe kaya msasa wa ankhondo. Atsamunda atafika, malo awo oyamba olamulirirapo adali misasa ya asilikali yokhala ndi mipanda yotere. Anthu akamati akupita ku boma ankatanthauza kuti akupita kumpanda kuja. M'kupita kwa nthawi dzina la mpanda lidasanduka dzina la olamula okhala m'katimo. Ena amafalitsa nkhani yakuti liwuli ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi, koma imeneyo ndi nthano chabe, pakuti liwuli lidalipo kale kugombe la kum'mawa kwa Africa ulamuliro wa Angerezi usadafike kuno. Motero chilankhulo chidasunga umboni wakuti ulamuliro wa atsamunda udabadwira m'linga.

Anthu a ku Chilobwe safunika kupita kutali kuti aone linga lakale kuposa onse m'dera lawo. Amadzuka nalo m'mawa uliwonse. Ndilo phiri la Soche. M'zaka za m'ma 1800, pamene nkhondo za Angoni ndi malonda a akapolo zidasokoneza dziko, mapiri ndiwo adali pothawira. M'chigawo chapakati, anthu a Mfumu Mazengera adakhala pa phiri la Nkhoma chifukwa choopa Angoni. Kuno kummwera, anthu a Mfumu Kapeni, amene adalandira amishoni a Chiskotishi m'chaka cha 1876, adali kukhala m'dera la Soche. M'chaka cha 1884 ankhondo a Angoni a Maseko, a Inkosi Chikusi, adawoloka mtsinje wa Shire n'kuthira nkhondo midzi ya dera lino. Anthu ambiri adakwera mapiri monga Soche ndi Ndirande. Wokhala pamwamba amaona mdani akali kutali, njira zokwerera n'zochepa ndi zopapatiza, ndipo mwala wogubuduzidwa kuchokera pamwamba sufuna onga. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ena mwa othawa nkhondo ya 1884 sadakwere phiri. Adathamangira ku mishoni ya Blantyre ndi ku Mandala. Apa m'pofunika kufotokoza kuti Mandala chidali chiyani. M'chaka cha 1878 anthu a malonda a ku Glasgow adakhazikitsa kampani imene idadzatchuka ndi dzina lakuti African Lakes Company. Oyendetsa ake kuno adali anthu awiri apachibale, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi a maso, ndipo anthu poona kunyezimira kwake adamutcha Mandala. Dzinalo lidafalikira ku nyumba, ku kampani ndi ku dera lonse. Nyumba ya akuluakulu a kampaniyo, yosanja, ya njerwa zouma ndi dzuwa ndi khonde lalikulu, ndiyo imawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kuposa zonse za mamangidwe achizungu zimene zikali chiimire m'Malawi. Koma pa Mandala sipadali pogona ndi pogulitsira nsalu pokha. Padali mfuti ndi onga, ndipo bwalo lake lidatetezedwa ndi mpanda wolimba kuti pakabuka nkhondo anthu azitsekeramo.

Tsono taonani zimene mpanda umodzi womwewo udachita pa nyengo ziwiri. M'chaka cha 1884 anthu akuda othawa mikondo adapeza mpumulo kumbuyo kwake. Patapita zaka 31, usiku wa pa 23 Januwale 1915, Mbusa John Chilembwe adayambitsa nkhondo yake yokana nkhanza za thangata ndi kutengedwa kwa anthu akuda kukafera nkhondo ya azungu. Gulu lina la anthu ake lidanyamuka ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kulunjika ku Mandala kuti likalande mfuti m'nkhokwe ya zida ya kampani. Lidafika m'bandakucha, koma mfuwu udamveka msanga, ndipo lidangotenga mfuti zowerengeka. M'masiku otsatira, azungu a m'Blantyre adasonkhana kumbuyo kwa mipanda kudziteteza, ndipo Mandala adali amodzi mwa malo otere. Pa 3 Febuluwale Chilembwe adaphedwa, ndipo tchalitchi chake chachikulu cha ku Mbombwe chidaphwasulidwa ndi boma.

Khoma silidasunthe, njerwa zidali zomwezo, koma amene lidawafungatira pa nthawi ina ndi omwe ana awo lidawatsekera kunja pa nthawi inayo. Ichi ndicho chifukwa chake mlendo wofika pa linga lililonse ayenera kufunsa mafunso atatu. Adamanga ndani? Ankaopa yani? Nanga m'chaka chakuti, adali m'kati ndani, adali kunja ndani? Wongojambula chithunzi n'kumapita ali ngati munthu amene wapita kumaliro n'kubwerako osafunsa kuti wamwalira ndani. Safunsa adadya phula. Lero pa Mandala pali bata. M'chipinda chapamwamba muli nyumba ya mabuku ndi zolembedwa zakale ya bungwe la Society of Malawi, limene lidayamba m'chaka cha 1946, ndipo mzinda udakula n'kumeza malo ambiri ozungulira. Komabe woima pakhondepo n'kuyang'ana mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru atha kuona yekha mmene dera lonse lidaonekera kwa munthu wodikira nkhondo.

Linga lili ndi kawerengedwe kake monga buku. Choyamba ndi malo. Omanga sankasankha pokongola koma pothandiza: pachitunda, pampata wa mapiri, kapena padooko la mtsinje, pamene aliyense woyenda ayenera kudutsa. Chachiwiri ndi kuchindikala kwa khoma, kumene kumauza munthu zida zimene omangawo ankaziopa. Mpanda wa mitengo umakwana pa mikondo ndi mivi, koma mfuti imafuna dothi, njerwa kapena miyala. Chachitatu ndi mabowo owomberapo, amene kawirikawiri amakhala opapatiza kunja ndi otambalala m'kati, kuti wa m'kati azitha kutembenuza mfuti yake koma wakunja asapeze polasa. Chachinayi ndi ngodya. Pa malinga ambiri ngodya zimatulukira kunja kuti mlonda aone m'mbali mwa khoma lonse, mdani asapeze pobisala m'tsinde mwake. Chachisanu ndi madzi, pakuti linga lopanda madzi ndi manda odikira eni ake. Nzeru zimenezi sizidali za azungu okha. Ku Karonga, Mlozi, wamalonda a akapolo, adamanga malinga a mitengo ndi dothi okhala ndi mabowo a mfuti, ndipo anthu a kampani ya Mandala adalimbana nawo kuyambira 1887 mpaka 1889 osawagwetsa. Abale awiri a Moir aja adavulala pa nkhondo imeneyo. Mlozi adagonja mu Disembala 1895, ankhondo a boma atabwera ndi mizinga.

Wofuna kuona linga lomangidwira nkhondo yokhayokha ayenera kutuluka m'Blantyre kulowera ku Phalombe. Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Mchese pali mabwinja a Fort Lister. Dziko lino litakhala pansi pa Angerezi m'chaka cha 1891, bwanamkubwa Harry Johnston adabweretsa asilikali a mtundu wa Asikhi kuchokera ku India, ndipo adayamba kumanga malinga m'njira zikuluzikulu. Fort Lister idamangidwa m'chaka cha 1893 chifukwa mpata umenewo ndiwo udali njira ya magulu a akapolo opita kugombe la Quelimane ku Mozambique. Mbali ina ya phiri kudamangidwa Fort Anderson. Woima pa Fort Lister safunika mphunzitsi womuuza chifukwa chake linga lili pamenepo. Kuno phiri, uko phiri, njira ndi imodzi. Poganizira kuti m'njira imeneyo mudadutsa amayi ndi ana ali m'magoli, osadzabwereranso, munthu amatsitsa mawu yekha popanda womuuza.

Kumpoto kwake, m'mapiri a kufupi ndi Namwera, kuli Fort Mangochi, ya makoma ochindikala a miyala. Mbiri yake imaphunzitsa chinthu china. Phirilo lidali kale linga la Mfumu Jalasi ya Ayawo. M'chaka cha 1892 ankhondo a boma la atsamunda adayesa kulikwera, koma adathamangitsidwa mpaka kusiya mzinga wawo m'manja mwa Jalasi. Adabweranso ndi mphamvu zambiri m'chaka cha 1895, ndipo pamenepo Jalasi adathawira ku Mozambique. Opambanawo sadafune malo ena. Adamanga linga lawo pomwepo, kuvomereza mosanena kuti mfumuyo idasankha bwino. Kumunsi, m'mbali mwa Shire, kudali Fort Johnston, yomangidwa m'chaka cha 1891 moyang'anizana ndi mudzi wa Mfumu Mponda. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, mayina a malinga adachotsedwa pa mapu: Fort Johnston idakhala Mangochi, Fort Manning idakhala Mchinji, Fort Hill idakhala Chitipa, ndipo ku Zambia Fort Jameson idakhala Chipata. Kusintha mayina kudali koyenera, koma matauni amenewa adabadwa m'malinga, ndipo ana ake ayenera kudziwa.

Chilungamo chimafuna kuti mbali zonse ziwiri zinenedwe. N'zoona kuti malinga a Johnston adathandiza kutseka njira za akapolo, ndipo midzi yambiri idatsika m'mapiri n'kuyambanso kulima m'zigwa popanda mantha. N'zoonanso kuti m'malinga omwewo ndimo mudatuluka asilikali okakamiza msonkho wa nyumba, ndipo wolephera kulipira ankatha kuwotcheredwa nyumba. Mfuti imene idamasula kapolo ndi yomweyo idalanda mafumu mphamvu, ndipo pansi pa chitetezo chake malo aakulu a m'dera la Blantyre, Thyolo ndi Mulanje adakhala minda ya azungu. Buku la atsamunda lidakonda kunena mbali yoyamba. Mkwiyo wa masiku ano umakonda kunena yachiwiri. Linga lokha ndilo lidaona zonse ziwiri, ndipo silikondera.

Pali anthu ena, ophunzira ndithu, amene amati zinthu zimenezi n'za atsamunda, zisiyeni zigwe, tchire lizimeze. Maganizo awo si opusa, pakuti akuchokera pa bala lenileni. Koma aganize kawiri. Kodi njerwa za pa Mandala adaumba ndani? Miyala ya pa Fort Mangochi idasenzedwa pa mitu ya yani? Nanga asilikali ambiri amene ankalondera pa makomawo, amene pambuyo pake adakhala gulu la King's African Rifles m'chaka cha 1902, sadali Atonga, Ayawo ndi ana ena a dziko lino? Thukuta la makolo lili m'makoma amenewo, ndipo mayina awo sadalembedwe paliponse. Khomalo ndilo chikumbutso chawo chokha. Komanso akuluakulu adati mlandu suola. Munthu amene ali ndi mlandu woti adzaunene sapha mboni yake. Linga likagwa, wobwera m'tsogolo adzatha kunena kuti ukapolo kuno kudalibe, kapena kuti atsamunda adalowa ndi Baibulo lokha popanda mfuti, ndipo padzasowa choloza.

Mayiko ena adazindikira zimenezi kale. Ku Ghana kuli linga la Elmina, lomangidwa ndi Apwitikizi m'chaka cha 1482, m'mene anthu osawerengeka adatsekeredwa asadawolotsedwe nyanja kupita ku ukapolo. Aghana sadaligwetse. Amalisamala, ndipo zidzukulu za akapolo aja zimachokera ku America kudzalira m'zipinda zake zamdima. Ku Mombasa, m'dziko la Kenya, kuli Fort Jesus ya m'chaka cha 1593, imene lero ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Palibe amene amati Aghana kapena Akenya akutamanda Apwitikizi. Akusunga umboni. Dziko la Malawi nalo, m'chaka cha 2011, lidapereka ku bungwe la UNESCO mndandanda wa malo a njira za akapolo, ndipo Fort Lister ndi Fort Mangochi zili pamenepo. Koma pepala lopita kunja silichotsa chitsamba chomera pakhoma. Oteteza enieni ndi anthu okhala pafupi ndi alendo obwera kudzaona.

Ena amati munthu wa njala alibe nthawi yoona mabwinja, mbiri sadya. Mawu amenewa ali ndi kulemera kwake, makamaka m'dera ngati Chilobwe kumene kholo limayamba laganiza za ufa ndi lendi. Koma ulendo wa ku Mandala sufuna chuma chambiri. Mutu umodzi susenza denga: sukulu, mipingo ndi magulu a achinyamata atha kusonkherana pang'onopang'ono, n'kutenga ana tsiku limodzi pa chaka, kuyambira pa Mandala n'kumalizira ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Agogo amene akali ndi mphamvu apite nawo, chifukwa nkhani zimene adamva kwa agogo awo zimatuluka mosavuta munthu akaima pamalo pomwe zidachitikira. Ndipo kumene alendo amapita kawirikawiri, wachinyamata wodziwa kufotokoza mbiri amapeza ntchito, mayi wogulitsa nthochi amapeza msika. M'mera m'poyamba: mwana amene adagwirapo khoma lakale ndi dzanja lake sadzalola kuti wina aligumule kukamangira bafa.

Ulendo wotere uli ndi mwambo wake. Kumalo a kumudzi ngati Fort Lister, mlendo waulemu amayamba wapereka moni kwa eni dera, kwa amfumu kapena akuluakulu opezeka pafupi, pakuti ndiwo amadziwa njira ndi nkhani zimene sizili m'mabuku. Pamalo amenewa padafa anthu, ndipo pa Fort Lister pali manda. Choncho si pobwebweta, si poimbira wailesi mokweza, si potaya mapepala. Kulemba dzina pakhoma ndi makala kapena kukanda ndi msomali n'chipongwe. Kutola njerwa kapena mwala kupita nawo kunyumba n'kuba, ndipo lamulo loteteza zinthu zakale limaletsa. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata. Mlendo asiye mapazi okha, atenge nzeru.

Za phiri la Soche sizinganenedwe lero popanda chisoni. Phiri limene lidabisa makolo m'chaka cha 1884 ndi lomwe mu Malichi 2023, pa namondwe wa Freddy, lidatsitsa matope ndi miyala pa nyumba za ku Chilobwe, anthu ambiri n'kutaya miyoyo. Si bwino kuloza chala amphawi amene adamanga m'mphepete mwa phiri chifukwa chosowa malo, kapena amene adadula mitengo chifukwa chosowa nkhuni. Koma phunziro lilipo, ndipo n'lomwe omanga malinga ankalidziwa: chitetezo chimafuna kusamalidwa. Mitengo ya m'phiri idali mpanda wogwira nthaka, monga mitengo ya linga inkagwira mdani. Makolo ankayendera mpanda wawo kuona pamene chiswe chadya, n'kuzika mtengo wina nkhondo isadafike. Nkhanga zidapangana kusadapse. Kubzalanso mitengo m'phiri la Soche ndi kumanganso linga la Chilobwe.

Woyenda m'misewu ya Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside masiku ano amaona mipanda ya njerwa yaitali, pamwamba pake waya wa minga, magalasi osweka kapena mawaya a magetsi. Ngakhale m'makwalala a Chilobwe, wopeza kangachepe amayamba wamanga mpanda. Mzinda wadzaza ndi timalinga ting'onoting'ono. Mdzukulu amene waphunzira kuwerenga khoma la pa Mandala adzafunsa mafunso atatu aja pa mipanda imeneyinso, ndipo adzapeza kuti woopedwayo salinso Mngoni wa chishango kapena wogula akapolo, koma mnansi wosowa ntchito. Adzakumbukiranso kuti Jalasi adali ndi phiri koma adathawa, Mlozi adali ndi linga koma adagonja, atsamunda adali ndi mizinga koma adachoka. Nkhondo simanga mudzi, ndipo khoma limangogula nthawi. Chimene chimasunga mudzi ndi chilungamo pakati pa wa m'kati ndi wakunja. Zimenezi mwana atha kuziwerenga m'buku n'kuziiwala mayeso akatha, koma akazimva ataima m'tsinde mwa khoma lenileni zimakhala naye mpaka imvi. Mawu a akulu akoma akagonera, ndipo makoma akalewa akhala akugonera kwa zaka zoposa 100, kudikira adzukulu oti adzawafunse.